Tsitsani gitalayo, timve nkhani!

Zandikwiyitsa zomwe ndaona pa kanema wa woimba wina wa country pa bala ina ku Texas. Bambo wachikulire, amayenda yekhayekha tauni ndi tauni ndi gitala imodzi, koma wa pa mikisa (makina okwezera ndi kutsitsira mawu ndi zoimbira) wamukwezera gitalayo mpaka mawu kumira. Milomo ikugwedezeka, nkhani osamveka. Ndiye anthu abwera kudzamva chiyani?

Nyimbo zakale za ma cowboy ndi nthano. "El Paso" ya Marty Robbins, ya mu 1959, imapitirira mphindi 4, ndipo ndime iliyonse ikukankha nkhani mpaka wosimbayo kufera m'manja mwa mkazi amene ankamukonda. Mukaphonya mizere iwiri, mwasochera. Pa nyimbo zambiri zotere gitala ilibe zochuluka: makodi atatu, G, C ndi D, chala chachikulu chikusinthasintha pa nsambo zikuluzikulu, zala zinazo zikukwapula zing'onozing'ono. Ntchito yake ndi kuperekeza. Mwini ulendo ndi mawu.

Anyamata a pa mikisawa anazolowera mabandi a rock, koma zimenezo ndi zawo. Woimba mmodzi savuta. Yambani ndi mawu okha, gitala ili zii. Maikolofoni ya SM58 ikhale zala ziwiri kuchoka pakamwa, ndipo mukweze mpaka munthu wakhala kukhomo amve liwu lililonse. Kenako lowetsani gitala pang'onopang'ono, ikhale pansi pa mawu. Gitala zamimba yaikulu ngati Martin D-28 zimagunda kwambiri kumunsi, ku besi, choncho pa mikisapo dulani besi ya gitalayo pakati pa 100 ndi 250 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa kaliridwe). Apo ndi pomwe pamachita matope, n'kukwirira mwamuna wa mawu a besi. Gitala ikayamba kulira huuu, ndiye kuti monitor, sipika imene woimba amadzimverapo, yaloza pabowo la gitala: isuntheni sipikayo, bowolo mulitseke ndi chivindikiro cha labala. Ikamalira mosasa, musathamangire kukweza, yang'anani batire la 9 volt la pickup, kachipangizo kotola kulira kwa gitala, mwina latha. Reverb, ija imachititsa mawu kumveka ngati muli m'holo yaikulu, ikhale ya kunsonga ya supuni, chifukwa ikachuluka imameza mapeto a mawu. Zonsezi mphindi 10 sizikwana.

Koma ayi, munthu akungokankha batani m'mwamba ngati phokoso ndiye luso. Fupa lokakamiza limaswa mphika! Kwathu kuno anthu anakonda Jim Reeves ndi Don Williams pa wailesi, ena Chingerezi chikuwavuta, chifukwa mawu ankatuluka limodzilimodzi, oyera. Nyimbo yosamveka mawu si nyimbo ya country. Mwaipha, mwangotisiyira nsambo.

Nanga eni balawo? Kumuitana munthu adzaimbe, n'kumukhazika pansi pa TV imene ikuonetsa mpira, osaizimitsa n'komwe. Woimba wafika pa ndime yomwe munthu akuwomberedwa, tebulo lonse likukuwira chigoli.