Wakuda wa ku Cuba: kwawo amati tsankho kulibe, ku Florida adalipeza pakhomo

Pakati pa Cuba ndi Key West, kunsonga kwa Florida, pali nyanja ya makilomita pafupifupi 150 okha. Koma munthu wakuda akaoloka madzi amenewa amakatsika tsidya linalo atasanduka wina. Kwawo ankangoti ndine wa ku Cuba. Ku America amamuuza kuti choyamba ndiwe wakuda, za Cuba zibwera pambuyo.

Mumzinda wa Tampa, ku Florida, nkhaniyi imaoneka poyera. Mu 1886 mafakitale a ndudu adayamba ntchito ku Ybor City, dera lomwe adaliyambitsa Vicente Martínez-Ybor. M'katimo akuda ndi azungu ochokera ku Cuba ankakhala pa mabenchi amodzi, manja ali kalikiliki kupichira fodya, makutu ali kwa munthu wokhala pampando wokwezeka amene ankawawerengera nyuzipepala ndi mabuku mokweza mawu. Malipiro ake ankasonkha okha antchitowo. José Martí, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa Cuba, akabwera kudzapempha thandizo la nkhondo yolimbana ndi atsamunda a ku Spain, ankafikira kwa Paulina Pedroso, mayi wakuda. Koma antchitowo akaweruka, panja pankawadikira malamulo a Jim Crow olekanitsa akuda ndi azungu: sukulu zosiyana, zipatala zosiyana. Pofika 1900 kalabu yomwe ankakumanamo onse idang'ambika pakati. Azungu adakhala ndi Círculo Cubano, akuda adayambitsa yawo yomwe idadzatchedwa La Unión Martí-Maceo. Dzina limeneli limandikhudza mtima. Anthu okanidwa ndi abale awo adatengabe dzina la Martí, mzungu, n'kulilumikiza ndi la Antonio Maceo, mkulu wa asilikali wa magazi a ku Africa.

Ku America lamulo lakale linkati kadontho kamodzi ka magazi a munthu wakuda kakwanira, ndiwe wakuda. Cuba imawerenga mwina. Kalembera wa 2012 adapeza kuti pa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 64 ndi azungu, 9 ndi akuda, ndipo 27 ndi amagazi osakanikirana. Chiphunzitso cha dzikolo kuyambira nthawi ya Martí n'chakuti kulibe mzungu, kulibe wakuda, kuli mwana wa Cuba basi.

Mawuwa ngokoma, koma adaphimba zambiri. Ukapolo kumeneko udatha mochedwa, mu 1886. Akuda omwe adamenya nawo nkhondo ya ufulu ataona kuti ntchito za boma zikuwalambalala, adayambitsa chipani chawo, Partido Independiente de Color, mu 1908. Boma lidachiletsa ponena kuti chikugawa mtundu, ndipo atagalukira mu 1912, asilikali adapha akuda masauzande m'chigawo cha Oriente. Boma la Fidel Castro lidatseguladi magombe, makalabu ndi sukulu kwa aliyense kuyambira 1959, ndipo izi sitingazichepetse. Vuto n'lakuti posakhalitsa lidalengeza kuti tsankho latha, motero wodandaula aliyense adayamba kuoneka ngati mdani wa dziko. Mu 2013 Roberto Zurbano, mlembi wakuda wa ku Cuba, adalemba mu New York Times za mavuto a akuda ku Cuba, ndipo adamutsitsa paudindo wake ku Casa de las Américas, bungwe la boma la zachikhalidwe. Zimandiwawa kulemba izi, chifukwa ife a kuno kummwera kwa Africa sitiiwala asilikali a Cuba omwe adafera ku Angola.

Omwe adathawa Castro koyambirira ambiri anali azungu, ophunzira ndi amalonda. America idawalandira ndi manja awiri, ndipo lamulo la 1966 lidawafupikitsira njira yopezera chilolezo chokhala m'dzikomo. Zinthu zidasintha mu 1980, pomwe anthu pafupifupi 125,000 adanyamuka padoko la Mariel ku Cuba kupita ku Florida, akuda ali ochuluka kuposa kale. Kwawo adawasanzika ndi mawu akuti escoria, kutanthauza zinyalala. Poti boma lidakwezamo akaidi ena m'mabwatomo, onse adapakidwa matope, ndipo dzina lakuti Marielito lidasanduka chitonzo ngakhale pakamwa pa anzawo a ku Miami. Wakuda wa ku Mariel adapezeka ali pakatikati: ku Little Havana, dera la anthu a ku Cuba ku Miami, khungu likumutsekereza, kwa akuda a ku America chilankhulo chikumutsekereza.

Ndikayika mayiko awiriwa pasikelo, nkhanza za America zinali zoonekeratu komanso zolembedwa m'malamulo. Komabe chinthu cholembedwa umatha kupita nacho kukhoti. Mzinda wa Hialeah, ku Florida, utaletsa nsembe za ziweto pofuna kutsekereza chipembedzo cha Santería, chomwe mizu yake ndi ya Ayoruba a ku Nigeria ndi Benin, opembedzawo adasuma mpaka khoti lalikulu la dzikolo lidawaikira kumbuyo mu 1993. Ku Cuba wakuda amakhala moyandikana ndi mzungu, amakwatirana, amavinira limodzi, ndipo ubale umenewu ndimausirira. Koma alibe bwalo loti akatulire nkhawa yake.

Ndipo nyanja ija imagwirabe ntchito yake mpaka lero. Ndalama zotumizidwa kuchokera ku Miami zimatsata magazi, zimapita kwa abale a omwe adachoka, ndipo ambiri mwa iwo ndi azungu. Mabanja amenewa ndi omwe amatha kukonzetsa nyumba n'kuyamba kugoneka alendo odzaona dziko kapena kutsegula malo odyera, pomwe banja lakuda la khomo loyandikana likudikirabe malipiro a boma.