Si masewera onse a pafoni amene amawononga ana

Makolo anzanga kutchalitchi ndi pamsika wa Kapata kuno ku Chipata, pomwe ndimagulitsa salaula, amakonda kunena kuti masewera a pafoni aononga ana. Nanenso ndinkavomereza, poti ndinaona mwana wanga wamkazi akutuluka thukuta m'manja ndi zowomberana, ukamuitana n'kukuyankha mokalipa. Koma lero ndikuti tisawaphatikize onse.

Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lathunthu. Nthawi imeneyo mlongo wanga wa ku Lusaka anatiikira sewero lina pa tabuleti yakale. Dzina lake ndi Machinarium, la mu 2009, lopangidwa ndi kagulu ka ku Czech Republic kotchedwa Amanita Design, komwe Jakub Dvorský anayambitsa mu 2003. Ndi logula, inde, koma likangolowa silifunanso bandulo.

Limayamba ndi kaloboti dzina lake Josef katatayidwa kudzala la zitsulo, mutu kwina, mwendo kwina. Iwe ntchito yako ndi kukhudza zinthu ndi chala, kutola ichi, kulumikiza ndi icho, mpaka njira itseguke. Palibe wokuthamangitsa. Ukhoza kuika tabuleti pansi, kukavundula nsima, n'kukapeza kakukudikira pomwepo. Zithunzi zake anajambula ndi manja, ndipo zimaoneka. Dzimbiri la pamapaipi ndi mizere yokhotakhota ya pensulo zimandikumbutsa malata akale a ku komboni ya Mchini dzuwa likamalowa.

Chomwe chinandigwira mtima n'choti mulibe mawu olankhula, ngakhale Chingerezi. Kaloboti kakafuna kunena kanthu, pamutu pake pamatuluka kachithunzi. Ndiye atate anga, omwe sukulu sanapite nayo patali, anayamba kusuzumira paphewa pa mdzukulu wawo. Pachipata cha mzinda mlonda amalola apolisi okha kulowa. Mwana anavutika napo madzulo onse. Atate anangoti, "Iwe, kavale ngati iwowo. Suona chisoti chili apocho?" Anatenga kachisongole ka pamsewu kaja, kukaviika mu penti, kuika babu pamwamba, mlonda n'kutsitsa mlatho. Mwana anakuwa, "Agogo, mwadziwa bwanji?" Iwo kuseka mpaka kutsokomola.

Kutsogolo kuli malo omwera momwe umapikisana ndi loboti ina kundandalika tizitsulo tisanu pamzere umodzi. Atate ndi katswiri wa nsolo, koma loboti ija inawagonjetsa masiku awiri. Tsiku lachitatu anapambana, batire itatsala pang'ono kutha, tonse titaunjikana pamphasa ndi kandulo.

Kwa ine zimenezi sizikusiyana ndi zilape zomwe tinkaponyerana pamoto kumudzi ku Katete. Wina aponya, ena mukanda mutu, ndipo woyankha mwina ndi wamng'ono, mwina ndi nkhalamba. Pena pamavuta kwenikweni, mwana wazaka zisanu ndi ziwiri sangathe yekha, ndipo ine ndimakondwera nazo chifukwa amadzafuna munthu wamkulu.

Chimene ndimalakalaka n'choti anyamata athu ojambula zikwangwani za mabarbershop ndi mashopu kuno ku Chipata akumane ndi odziwa makompyuta. Atijambulire phiri la Kanjala, anyamata a njinga atanyamula matumba a makala, Kalulu akufunafuna njira yowolokera Luangwa.

Sewero la Machinarium lija tinalimaliza patatha milungu itatu. Tsopano tayamba Botanicula, la kagulu komweko, la mu 2012. Dzulo atate anabwera kuchokera kudimba, asanasambe n'komwe, n'kufunsa ngati tabuleti yatchajidwa.