Likoma, Rubondo kapena zilumba za Kariba: ulendo woyenera kuuvutikira ndi uti?

Mukafunsa munthu wa ku Lilongwe ngati anafikako ku Likoma, ambiri amaseka n'kunena kuti kumeneko n'kwa azungu ndi ansembe a Angilikani. Wobadwira pachilumbapo saona chodabwitsa chilichonse: kwawo ndi kwawo, ndipo Ilala ndi basi chabe imene imakonda kuchedwa. Ndiye kodi kutha sabata yathunthu ndi malipiro a mwezi kuti ukaponde pachilumba chapakati pa nyanja kuli ndi phindu? Ine ndikuti inde, koma osati pa chifukwa chimene otsatsa malo okopa alendo amatiuza. Iwo amagulitsa malo amene amati munthu sanawakhudzepo. Mukaona mmene ife ndi anzathu a ku Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe tachitira ndi zilumba zathu, mupeza kuti malo otero ndi ochepa, ndipo ena mwa otchukawo anachita kupangidwa ndi anthu.

Tiyambe ndi Tanzania, poti iwo pa nkhaniyi anachita khama kuposa tonsefe. Chilumba cha Rubondo chili kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Victoria, ndipo chinakhala paki ya boma mu 1977. Lero kuli nkhalango yowirira, njovu, akadyansonga, mvuu, ng'ona ndi achimpanzi. Koma achimpanziwo si mbadwa. Pakati pa 1966 ndi 1969, Bernhard Grzimek wa bungwe la Frankfurt Zoological Society anatulako achimpanzi 16 amene ankasungidwa m'makola ku Ulaya, n'kuwasiya kuti adzionere okha. Njovu ndi akadyansonga nazonso zinachita kutulidwa. Zipembere zimene anabweretsa zinatha. Nanga asodzi ndi alimi amene ankakhala pachilumbapo? Anasamutsidwa. Ndiye mlendo akamayenda m'nkhalango ya Rubondo n'kumati akuona dziko mmene Mulungu analilengera, akupondanso pamabwinja a anthu.

Sindikunyoza. Ntchitoyo inatheka, achimpanziwo anaswana, ndipo bungwe lawo la mapaki la TANAPA limasamala malowa bwino. Chimene chimatipweteka ife ndi mtengo. Mapaki a ku Tanzania amalipiritsa nzika za mayiko a East African Community ndalama yochepa m'mashilingi, koma Malawi sali m'gululo, choncho Mmalawi amalipira madola ngati mzungu wochokera ku Berlin. Onjezanipo ulendo wa pabasi kuchoka ku Songwe mpaka kunyanja ya Victoria. Ngati cholinga chanu n'kuona nyama pachilumba, Rubondo alibe mnzake kuno kwathu. Ngati thumba lanu ndi la mphunzitsi wa pulayimale, iwalani kaye.

Za ku nyanja ya Kariba, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe, ndi zachidule. Zilumba za kumeneko ndi nsonga za mapiri amene anamira damu litatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Atonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi, mbali zonse ziwiri. Nyama zinathawira pazitunda, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Rupert Fothergill linapulumutsa zoposa 6,000 pa ntchito yotchedwa Operation Noah. Chilumba china chakumbali ya Zimbabwe, pafupi ndi paki ya Matusadona, chimadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Malowa ndi okongola, mitengo youma ili chiimire m'madzi, njovu zikudya m'mphepete. Koma madzi akatsika chilumbacho chimalumikizana ndi kumtunda, ndipo ine chilumba chotero sindichiwerengera kwenikweni.

Nafe tili ndi zilumba zopanda anthu. Mumbo, Domwe ndi Thumbi ku Cape Maclear komanso zilumba za Maleri kufupi ndi Senga Bay zili m'paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Chuma chake si njovu ayi, ndi tinsomba ta mbuna tamawangamawanga timene timakhala m'miyala ndipo sitipezeka kwina kulikonse kupatula m'nyanja ya Malawi. Mumbo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera kumudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Madzi ake ndi oyera mbee, nkhwazi zimalira pamutu panu, katumbu amatha kukudutsani mukusambira. Kugonako ndi nkhani ya madola. Koma kupangana ndi mwini boti ku Chembe kuti akufikitseni ku Thumbi m'mawa n'kukubwezani madzulo, zimenezo anthu angapo akasonkherana amakwanitsa. Ulendo wa tsiku limodzi umenewo ngwokwanira. Masiku atatu pachilumba chopanda munthu woti n'kumupatsa moni, ambiri a ife tingayambe kusungulumwa tsiku lachiwiri lomwe.

Likoma ndiye nkhani ina. Chilumbachi ndi cha masikweya kilomita 18 okha, Chizumulu ndi chaching'ono kuposa pamenepo, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 m'boma lonselo. Zonse ziwiri zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ukaima pagombe lakum'mawa, mapiri amene ukuwaona pafupi ndi a ku Cobue, pomwe Nkhata Bay ali kutali, makilomita pafupifupi 70. Zinakhala za Malawi chifukwa cha amishoni a Angilikani a bungwe la UMCA amene anamanga likulu lawo pamenepo m'zaka za m'ma 1880. Pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana nyanja, zilumbazo zinatsalira m'manja mwa Nyasaland. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe amati kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Munthu ukalowamo umadzifunsa kuti zipangizo zonsezi zinafika bwanji kuno nthawi imene kunalibe msewu ngakhale wopita ku Nkhata Bay komweko. Sukulu za mishoni zija zinatulutsa aphunzitsi, ansembe ndi makalaliki amene anamwazikana m'dziko lonse ndi kunja komwe.

Theka la phindu la ulendowu lili panjira. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo mpaka lero imachoka ku Monkey Bay kukafika kudoko la Chilumba ku Karonga n'kubwerera, kamodzi pa sabata. Pansi pamakhala matumba a ufa, simenti, malata, makireti a zakumwa, usipa wouma, nkhuku, amayi a geni ndi ana a sukulu. Kwa zaka zambiri kutsika ku Likoma kunali kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu pamutu, kenako kuponda m'madzi mpaka kumchenga, nthawi zina pakati pa usiku. Mwera ukawomba m'miyezi ya June ndi July, ngakhale odzitama kuti sachita chizungulire amakhala chete atagwira zitsulo. Ndege zing'onozing'ono zimateranso pachilumbapo, koma wofika pandege amaphonya chinthu chofunika kuchimvetsa: chilichonse chimene munthu wa pa Likoma amagula chimadutsa panyanja, ndipo sitima ikapita kokakonzedwa, mitengo m'magolosale imakwera nthawi yomweyo.

Nkhalango ku Likoma kulibe. Kuli milambe, mango, miyala, minda ya chinangwa ndi kondowole wa utaka. Amene akufuna tchire lenileni awoloke ndi pasipoti yake kupita ku Cobue. Mbali ya Mozambique ili ndi anthu ochepa, mapiri ake akadali ndi mitengo, ndipo mu 2011 boma lawo linaika gawo lawo la nyanjayi pansi pa chitetezo. Chinenero cha m'midzi ya kumeneko ndi Chinyanja, simudzasowa womvana naye. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ambiri anathawira pa Likoma pomwepo.

Amene amafanana nafe kwambiri ndi a ku Zambia. Panyanja ya Bangweulu pali zilumba za Chilubi, Mbabala ndi Chishi, zodzaza ndi midzi, ndipo anthu amakwera boti ku Samfya monga mmene ife timakwerera ku Nkhata Bay. Nyanja yawo ndi yosaya, mamita ochepa chabe, pomwe yathu imafika mamita 700 kumpoto. M'madambo a kumeneko, momwe muli mbalame ya mlomo ngati nsapato yotchedwa shoebill, bungwe la African Parks linayamba kugwira ntchito mu 2008 mogwirizana ndi boma ndi anthu a m'deralo, popanda kusamutsa midzi. Asodzi akadali momwemo, kungoti kuyambira December mpaka February usodzi umatsekedwa. Pakati pa njira ya Rubondo ndi iyi, ine ndimaikira kumbuyo ya ku Zambia, ngakhale ili yovuta kuyendetsa ndipo mikangano ya maukonde siitha.

Komanso sitikufunika kukaphunzira zimenezi kunja. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri, n'kutsegulira ndi mwambo mvula ikatha. Pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Palibe mpanda kapena msilikali wa paki, koma utaka wa ku Mbenji umadziwika kukula kwake. N'zomvetsa chisoni kuti timabuku tokopa alendo sititchula n'komwe malowa.

Ndiye ngati muli ndi sabata yopuma ndipo simukwiya msanga sitima ikachedwa, kwerani Ilala mutsike pa Likoma, ndipo ngati nthawi ilipo mugoneko usiku umodzi kapena uwiri pa Chizumulu, pomwe munthu umazungulira chilumba chonse wapansi tsiku lisanathe. September ndi October nyanja imakhala yabata kuposa nthawi ya mwera, ngakhale kumatentha. Tengani ndalama m'thumba zokwanira masiku ena owonjezera, neti ya udzudzu, ndipo mukabwerako mukayezetse likodzo. Ngati muli ndi masiku awiri okha, Likoma musayese n'komwe: pitani ku Chembe mukafunse za boti la ku Thumbi.