Mphete ili kuti, a Schwarz?

Anthuni, mtima wanga ukukana kutsika. Ndamaliza kuonera pa intaneti Der Ring des Nibelungen (Mphete ya Nibelung), ma opera a Richard Wagner, ya pa chikondwerero cha nyimbo cha ku Bayreuth ku Germany, ija anakonza Valentin Schwarz mu 2022, ndipo nditangodandaula pang'ono pagulu lathu la okonda nyimbo, wina wandiyankha kuti onse amene anamukuwiza mkuluyu ndi nkhalamba zokana kusintha, akuti sizinamvetse. Sizinamvetse chiyani? Sewero dzina lake ndi mphete. Mphete mulibemo. Chovuta kumvetsa pamenepa n'chiyani?

Kwa amene simuzitsata, nkhani yake ili chonchi. Richard Wagner anatenga nthano zakale za anthu a kumpoto kwa Ulaya, zija zinalembedwa ku Iceland, n'kuzisakaniza ndi za Chijeremani. Pa milungu ya m'nthanozo, Odin anamutcha Wotan, Thor anamutcha Donner, Loki n'kukhala Loge. Anayamba ntchitoyi mu 1848, n'kuimaliza mu 1874. Zaka 26, munthu ali pa nkhani imodzi. Zinatuluka ma opera anayi, Das Rheingold, Die Walküre, Siegfried ndi Götterdämmerung, onse pamodzi pafupifupi maola 15 a nyimbo. Anachita kumanga nyumba yakeyake ku Bayreuth, Mfumu Ludwig II itamuthandiza ndi ndalama, kuti mu 1876 anthu aonere zonse zinayi motsatizana. Ndipo maola onsewo chimene chikuwayendetsa n'chimodzi. Alberich atemberera chikondi, aba golide pansi pa mtsinje wa Rhine, asula mphete yopatsa mwini wake ulamuliro pa dziko lonse. Wotan amulanda, Alberich aitemberera, ndipo aliyense woigwira imamudya. Chimphona Fafner apha m'bale wake Fasolt nthawi yomweyo chifukwa cha mphete. Ngwazi Siegfried afa chifukwa cha mphete. Milungu ipsa chifukwa cha mphete.

Ndiye abwera a Schwarz, mnyamata wa ku Austria wobadwa mu 1989, n'kunena kuti golide uja ndi mwana. Inde, mwana wamoyo. Atsikana atatu a mu Rhine asanduka olera ana m'mbali mwa dziwe losambiramo kunyumba ya anthu olemera, Alberich aba kamnyamata ka malaya achikasu, ndipo kamnyamatako akuti ndiye golide, ndiyenso mphete, ndipo kakakula kadzakhala Hagen, wodzapha Siegfried. Taganizani muli pa ukwati, abusa akuti tsopano muvekeni mphete, mkwati n'kutola mwana wa eni ake pa benchi n'kumupereka kwa mkwatibwi, inu mukadabwa akuuzeni kuti vuto lanu simunaphunzire. Ndi mmene ndimamvera ine usiku wonse.

Oimba akutchula mphete, m'manja mulibe mphete. Akutchula lupanga mu Die Walküre, lupanga palibe. Mu Die Walküre muli malo amene munthu aliyense wokonda Wagner amawadikira mtima uli m'mwamba: Siegmund alibe chida, mawa amenyana ndi Hunding, ndiye azula lupanga limene Wotan analibaya mu thunthu la mtengo, limene amuna onse analephera kulizula, n'kulipatsa dzina loti Nothung. Malipenga amalira nyimbo ya lupangalo, yowala, yokwera m'mwamba. Khutu likumva chitsulo chikung'anima. Diso likuona kamfuti ka m'thumba. Kamfuti! Ndiye ndiuzeni, mfuti amaizula bwanji mumtengo? Ikathyoka pa mkondo wa Wotan, Siegfried, mwana wa Siegmund, adzaisula bwanji? Chifukwa gawo loyamba lonse la Siegfried lili pa kusula lupanga lothyokalo, nyundo ikugunda motsatana ndi nyimbo.

Ndipo musaiwale za Sieglinde. Wagner analemba kuti Siegfried ndi mwana wa Siegmund ndi Sieglinde, mlongo ndi mlongo wake, ndipo mlandu wonse wa Fricka kwa mwamuna wake Wotan wagona pomwepo. Kwa a Schwarz, Siegmund akulowa pakhomo n'kupeza mayiyo mimba ili kale kutsogolo. Mimba ya yani? Dzifunseni nokha. Lise Davidsen anaimba Sieglinde mokoma moti tsitsi limaima, Klaus Florian Vogt nayenso anachita mbali yake, koma mawu akutuluka pakamwa pawo akunena china, thupi likunena china. Oimba abwino chotere kuwasandutsa mboni zabodza pa nkhani yawo yomwe!

Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Basi, mfundo yanga ndi imeneyo. Ngati a Schwarz anali ndi nkhani ya banja lolemera lolimbirana chuma cha masiye, ana ozunzidwa, akazi okhumudwa ndi amuna oledzera, bwanji sanalembe sewero lawo, n'kupeza wowapekera nyimbo, n'kuikapo dzina lawo? Palibe akanawaletsa. Mwina ndikanaonera n'kuwaombera m'manja. Koma ayi, alowa m'nyumba imene mnzawo anamanga zaka 26, asonkha moto pakati pa balaza, n'kumaotcha mbewa zawo. Amati anafuna kuti zikhale ngati nkhani zotsatizana za pa Netflix kuti anthu a masiku ano azimve. Chabwino, tamva.

Koma anthu a masiku anowo ndi ndani amene sadziwa mphete? Ndi mwana uti amene chinjoka chimamusokoneza mutu? Fafner mu nthano amasanduka chinjoka n'kugonera chuma chake kuphanga, osachidya, osachigawa, kungochigonera. Siegfried amachibaya pamtima, magazi amuotcha chala, anyambita, ndipo mwadzidzidzi ayamba kumva chinenero cha mbalame. Mwana wa Standard 3 angamve zimenezi n'kukufotokozeraninso. Ku Bayreuth Fafner ndi nkhalamba yodwala ili gone pabedi m'nyumba yapamwamba, mbalame ija ndi mtsikana womusamalira. Chinjoka chili kuti? Okestra ikubangula pansi ngati chilombo chikutuluka kuphanga, pamwamba tikuona agogo akuvutika kutsika pabedi.

Ana aakazi a Wotan, ma Valkyrie aja amene amakwera akavalo mumlengalenga kukatola ankhondo ofera kunkhondo, nyimbo yawo ija imene ngakhale amene sanapondepo mu opera amaidziwa, awaika m'chipatala chokonzera nkhope ndi mabere, mabandeji kumaso. Omvera ena anaseka. Ineyo sindinaseke. Grane, kavalo wa Brünnhilde, mmodzi wa ma Valkyrie aja, ndi bambo wa tsitsi lalitali wovala suti. Moto uja Wotan amazinga nawo mwana wake wokondedwa Brünnhilde akamugoneka pathanthwe, pamene okestra yonse imathetheka ngati malawi, mulibe. Bambo akutsanzikana ndi mwana wake komaliza, akuitana Loge kuti ayatse moto, ife tikuyang'ana kandulo. Kandulo, abale anga.

Mpando womwe unakana. Pa tsiku loyamba la Die Walküre mpando umene anakhalira Tomasz Konieczny, woimba Wotan, unathyoka, mkuluyo anavulala, ndipo gawo lachitatu anamalizitsa ndi Michael Kupfer-Radecky. Sindikuseka kuvulala kwa munthu ayi, ndangokumbuka.

Tsono mnzanga uja akuti, nanga Patrice Chéreau? Ndikudziwa. Nthawi zonse mukagwidwa pakona mumatulutsa Chéreau. Mu 1976, pa zaka 100 za Ring, iye monga wokonza sewero ndi Pierre Boulez wotsogolera okestra anakuwizidwa koopsa, pofika 1980 anthu omwewo ankaomba m'manja osafuna kutuluka. Zoona. Chéreau anaika damu la magetsi pa Rhine, milungu anaiveka ngati eni mafakitale a nthawi ya Wagner. Koma mphete inalipo. Mkondo unalipo. Lupanga linalipo, moto unayaka. Anasintha zovala ndi nyengo, nkhani anaisiya ili chilili, ndipo inaluma kuposa kale. Wieland Wagner, mdzukulu wa Richard Wagner, mu 1951 anachotsa pafupifupi chilichonse pa siteji n'kusiya kuwala kokha, koma sanachititse woimba kunama. Kukuwizidwa si umboni wakuti ndiwe Chéreau. Ena amakuwizidwa chifukwa alakwitsa basi.

Ndipo musandinamizire kuti ndikulambira Wagner. Munthuyo anali ndi mtima woipa pa Ayuda, anachita kulemba chidani chakecho mu 1850, ndipo Hitler ankachita kukhala ngati kwawo ku Bayreuth. Wofuna kumuzenga mlandu pa siteji amuzenge, ndidzakhala kutsogolo. Koma umuzenge ndi zimene analemba. Mphete ija ndiyo mlandu wake wonse wa dyera ndi ulamuliro: munthu kutaya chikondi kuti agwire dziko. Ukaichotsa watsala ndi chiyani? Anthu olemera akukangana m'balaza. Zimenezo timaziona kale pa TV tsiku lililonse, popanda kukhala maola 15.

Mapeto ake ndiye anandimaliza. Wagner analemba kuti Brünnhilde akwera Grane n'kulumphira pamoto wotentha mtembo wa Siegfried, Rhine asefukira, atsikana aja atenganso golide wawo, Hagen amira, Valhalla, nyumba ya milungu, ipsa ndi milungu yonse. Moto ndi madzi, dziko kutha. Ife tapatsidwa dziwe losambiramo louma, lakuda, Siegfried atafera pansi pake, Brünnhilde atafukata mutu wodulidwa wa bambo uja akuti ndi kavalo. Kenako kanema wa mapasa ali m'mimba akukumbatirana, omwe aja anationetsa poyambirira akumenyana, poti akuti Wotan ndi Alberich ndi mapasa. Analemba ndani zimenezo? Madzi mulibe, moto mulibe, mphete yobwezera kumtsinje mulibe, mtsinje womwe mulibe. Ndiye a Schwarz ndi anzawo atatuluka kudzagwada pa 5 August 2022, holo inawakuwiza mpaka kugwedezeka, wina n'kumati ndi nkhalamba zosamvetsa. Anthu amenewo ambiri mawu a sewerolo amawadziwa pamtima. Anamvetsa bwino lomwe. Anamvetsa kuti anagulitsidwa mphete n'kupatsidwa china.

Ndipo sewero loti uyambe wawerenga kabuku ka maganizo a wolikonza kuti udziwe amene ali pa siteji ndi ndani, ndiye kuti lalephera pa siteji pomwepo. Ndikhale ndikuwerengera ana pa zala, uyu ndi mphete, uyu ndi Hagen, uyu ndi mwana wa Siegfried ndi Brünnhilde amene Wagner sanamulembe n'komwe, nyimbo ikundidutsa? Ayi.

Komanso a Katharina Wagner, mdzukulutubzi wa mwini nyumbayo amene akuyendetsa chikondwererochi, atiuze bwino. Mu 2023 anabweretsa Parsifal, opera ina ya Wagner, yokonzedwa ndi Jay Scheib, yoti uione bwino uvale magalasi apadera a kompyuta oonetsa zithunzi zoyandama m'malere. Holo ya anthu oposa 1,900, magalasi 330 okha. Ena onsewo aziona chiyani? Alipira tikiti, akhala pa mipando yolimba ija m'chilimwe mopanda choziziritsa mpweya, oyandikana nawo akutembenuza mitu kutsata zinthu zimene iwo sakuziona. Ndalama za magalasi zinapezeka, za mphete imodzi yokha zinasowa?