Pa ukwati wa Toula, wogonja ndi mkamwini yekha

Filimu ya My Big Fat Greek Wedding, ya mu 2002, ndimaikonda kwambiri, koma ndili nayo mawu. Anailemba ndi Nia Vardalos, yemwenso anasewera ngati Toula. Anaijambula ndi madola pafupifupi 5 miliyoni, n'kubweza oposa 360 miliyoni padziko lonse. Nthabwala zokha sizingabweretse ndalama zotere. Anthu amitundu yosiyanasiyana anaonamo makolo awo.

Imaonetsa bwino kuti chilolezo cha makolo chili ndi njira yake, komanso anthu ake ochipempha. Toula ali ndi zaka 30 ndipo akugwira ntchito mu lesitilanti ya bambo ake, a Gus, ku Chicago. Atafuna kukaphunzira zamakompyuta bambo anakana, ndipo amene anawafewetsa mtima ndi akazi awo, mayi Maria. Pa nkhani yoti akagwire ntchito ku ofesi ya zamaulendo ya anti Voula, amayi awiriwa anakhala pansi ndi a Gus n'kuiyendetsa nkhaniyo pang'onopang'ono, mpaka mkuluyo anaona ngati nzeruyo yachokera kwa iye mwini. Zonse ziwiri zinatheka popanda wochita manyazi.

Pa chibwenzi ndi pamene zinavuta, chifukwa panalibe mkhalapakati. Toula ankanamiza kwawo kuti akukaphunzira kuumba mbiya, pomwe akukakumana ndi Ian Miller, mphunzitsi yemwe si Mgiriki. Anthu anawaona, nkhani n'kufika kunyumba kudzera pakamwa pa ena. Choyamba chimene chinawawa a Gus n'chakuti mnyamatayo sanabwere kudzapempha. Anapempha madzi atafika kale m'khosi, anakanidwa, ndipo bambo anayamba kuitanira amuna achigiriki ku chakudya chamadzulo kuti mwana wawo asankhepo. Kholo likamvera kwa anthu apanjira limakana msanga, chifukwa likuteteza ulemu wake pamaso pa abale. Apa wolembayo anakhoza zedi.

Tsono kuyambira pamenepo, taonani amene akupereka. Ian akubatizidwa mu tchalitchi cha Greek Orthodox kuti ukwati udalitsidwe kumeneko. Iye sadya nyama, koma akuchikazi sakuzitenga ngati nkhani. Makolo ake, anthu awiri ofatsa, akuitanidwa kuti adzadziwane ndi asewere awo, akupeza mtundu wonse uli pabwalo ukuwotcha nyama, ndipo akumwetsedwa ouzo, mowa waukali wachigiriki, mpaka mutu kuzungulira. Toula ali ndi asuweni 27, Ian ali ndi awiri. Mphatso ya ukwati ndi nyumba, yoyandikana khomo ndi khomo ndi ya apongozi a Ian. Patatha zaka 6, mwana wawo akuperekezedwa ku sukulu ya Chigiriki.

Mwamuna wotereyu ife timam'dziwa, ndi mkamwini. Komabe mkamwini amakhala ndi ankhoswe ake omuyankhulira zinthu zikamuthina. Ian alibe ndi mmodzi yemwe.

A Gus sindikuwaweruza. Munthu amene anasiya dziko lake n'kulera ana kuchilendo amaopa kuti chiyankhulo ndi chipembedzo zithera pa iye, ndipo mantha amenewo filimuyi inawapatsa ulemu. Kulandira mkamwini wamtundu wina kunawapweteka, ndipo woonera amamva nawo ululuwo. Vuto lili kubanja la a Miller. Anawajambula ngati anthu opanda mwambo, opanda chowawawa, ongobwera kudzadabwa ndi kutiseketsa. Banja limodzi likakhala lopanda kanthu koti litaye, miyambo iwiri siikumana n'komwe. Wina umangomeza unzake, ife n'kumaombera m'manja.

Ubatizo ndiye umandikhudza koposa. Kulowa mpingo ndi chinthu chachikulu pa moyo wa munthu, koma pano chikudutsa mwanthabwala, m'kadziwe kapulasitiki kosambiramo ana. Filimuyi ndi ya mphindi 95. Mphindi zisanu zokha zikanakwana kuti mayi a Ian amuitanire pambali mwana wawo mmodzi yekhayo, amufunse ngati akukhulupiriradi zimene akukalumbirazo, amufunsenso kuti pa Khirisimasi adzukulu azidzadyera kuti. Zikanafunikanso kuti Toula apite yekha kwa apongozi ake kukamva zimene iwo akuopa, ndi kuti a Gus apemphedwe kulolera chinthu chimodzi chooneka cha akuchimuna pa tsiku la ukwati.