Chifukwa chimene ndinasiyira gitala yofiira ija

Mwezi wathawu ndinagula gitala ya magetsi yatsopano nditasunga ndalama kwa nthawi yaitali, ndipo anzanga amene timaimba nawo kutchalitchi akhala akundifunsa chifukwa chimene sindinatengere yofiira yonyezimira ija imene tonse tinkaisirira. Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe pano, poti achinyamata ambiri amene akuyamba kumene kuimba amakumana ndi funso lomweli. Maganizo anga ndi akuti mukatsimikiza kuti khosi la gitala ndi lowongoka, chotsatira kuchiganizira mofatsa ndi ma pickup, chifukwa mawu a gitalayo amabadwira pamenepo, ndipo muyenera kuwasankha molingana ndi nyimbo zimene mumaimba komanso malo amene mumaimbirako.

Pickup ndi kachipangizo kaja kamene kamakhala pansi pa nsambo. Mkati mwake muli maginito ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo masauzande angapo. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, muwayamo mumabadwa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo timeneti ndi timene amplifaya imakuza kuti timveke pa sipika. Kuchuluka kwa waya, mtundu wa maginito ndi malo amene pickup yaikidwa zimasintha mawu kotheratu: imene ili pafupi ndi khosi imatulutsa mawu onenepa ndi ofewa, pamene imene ili kumunsi, pafupi ndi bridge (kachitsulo kamene nsambo zimatsamirapo pa thupi la gitala), imatulutsa mawu akuthwa.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuimba gitala ya ma single-coil atatu (ma pickup amene waya wake anakulungidwa pa koyilo imodzi yokha), yopangidwa motengera Fender Stratocaster imene inatuluka mu 1954. Mawu ake ndimawakonda mpaka lero. Ndi owala, nsambo iliyonse imamveka payokha, ndipo mukamaimba rhumba, sungura kapena reggae, gitala imadutsa pakati pa kiyibodi ndi besi popanda kulimbana nazo. Vuto lake ndi lakuti waya wokulungidwa uja umatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, amene kuno amayenda pa 50 Hz, ndipo phokosolo limakula kwambiri m'nyumba zimene mawaya ake sanalumikizidwe bwino pansi, kapena magetsi akazima n'kuyatsa jenereta. Sindidzaiwala Lamlungu lina pamene mpingo wonse unakhala chete kuti pemphero liyambe, koma sipika ya kumbali kwanga inkangong'ung'udza mosalekeza, mpaka amayi ena a pa benchi yakutsogolo anatsegula maso n'kuyang'ana komwe kunkachokera phokosolo. Kuyambira tsiku limenelo chala changa chinkakhala pa volume nthawi zonse, kutsitsa nyimbo ikatha ndi kukweza ina ikamayamba, ndipo zimenezi zinkandichotsa mtima pa kuimba.

Pickup ya mtundu wina yotchedwa humbucker inapangidwa kuti ithetse vuto lomweli. Seth Lover, amene ankagwira ntchito ku kampani yopanga magitala ya Gibson, anaphatikiza makoyilo awiri olumikizidwa motsutsana, okhalanso ndi maginito oyang'ana mosiyana, kotero kuti phokoso limene koyilo imodzi yatola limafafanizidwa ndi inzake, koma mawu a nsambo amatsala ndipo amawonjezekera mphamvu. Pickup imeneyi inayamba kuikidwa pa gitala ya Gibson yotchedwa Les Paul mu 1957. Gitala yofiira ija inali ndi ma humbucker awiri, ndipo kunena zoona inali chete ngati madzi a m'chitsime. Koma nditayesa kuimbapo sebene, gawo lovinitsa lija la rhumba, kumtunda kwa khosi, ndinamva kuti mawu ake ndi olemera ndi ozungulira, opanda kuthwa kuja kumene kumadzutsa anthu pamipando. Ndikudziwa kuti alipo akatswiri amene amaimba rhumba yokoma pa humbucker, ndipo sindikuwatsutsa, koma khutu langa ndi zala zanga zinakulira pa single-coil, ndipo sindikanafuna kulipira ndalama zambiri chonchija kuti nditaye mawu amene ndimawakonda.

N'chifukwa chake ndinasankha gitala ya mtundu umene amautcha HSS, kutanthauza humbucker imodzi kumunsi ndi ma single-coil awiri, ina pakati ndi ina kukhosi. Magitala otere alipo ambiri pa mtengo wofikirika, monga Yamaha Pacifica 112 ndi ena a Squier. Switchi yake, yosankhira pickup yoti imveke, ili ndi malo asanu. Malo amene ndimawagwiritsa ntchito kwambiri ndi aja ophatikiza pickup ya kukhosi ndi ya pakati, chifukwa pa magitala ambiri ya pakatiyo imakulungidwa mobwerera, ndiye ziwirizo zikamalira limodzi phokoso limachepa koma kuwala kwa mawu kumatsala. Ikafika nthawi ya solo yofuna mphamvu, ndimakankhira switchi ku humbucker. Ena adzati gitala yotere ndi yapakatikati, yosafika pa Stratocaster yeniyeni kapena Les Paul yeniyeni, ndipo mwina akunena zoona. Komabe ambiri a ife tili ndi gitala imodzi yokha, yomwe m'mawa iimba nyimbo zachitamando, masana iimba pa ukwati, ndipo mawa lake ipita ku situdiyo. Munthu wotere amafunika chida chotha kusintha mawu.

Ma pickup a batire, monga a EMG amene amadya batire ya 9V, ndinawadutsa msanga. Ndi achete ndithu ndipo oimba metal amawakonda, koma nyimbo zanga sizifuna mphamvu yoteroyo, komanso sindikufuna kumada nkhawa ndi batire pakati pa mwambo.

Chimene chinandikhumudwitsa pogula ndi mmene magitala amayesedwera m'masitolo ena. Wogulitsa wina anandilumikizira gitala atatsegula kale distortion ndi reverb, zomwe ndi zosinthira mawu za pa amplifaya, ndipo phokoso lotere limabisa chilichonse, moti gitala yabwino ndi yachabechabe zimamveka chimodzimodzi. Ndinawapempha mwaulemu kuti, “Achimwene, tazimitsani zonsezo, ndikufuna ndimve gitala yokha.” Abale anga, musachite manyazi kupempha zimenezi, chifukwa ndalamazo ndi zanu. Imbani nyimbo imene mumaidziwa bwino pa malo onse asanu a switchi. Kenako kwezani volume, chotsani manja pa nsambo, mumvetsere phokoso limene latsala. Gogodani pang'onopang'ono pickup iliyonse ndi kachitsulo kuti mutsimikize kuti ikugwira ntchito pamene switchi yailoza. Mukamva kulira kwa likhweru mukayandikira sipika, kawirikawiri ndiye kuti waya wa mkati sunamatidwe bwino ndi phula, ndipo pickup imeneyo idzakuvutitsani mukamadzaimba mokweza.

Palinso chizolowezi chimene ndikuchiona kwa anzanga ena, chothamangira kuitanitsa ma pickup odula kuchokera ku Johannesburg kapena pa intaneti gitala isanathe n'komwe sabata m'nyumba. Ine ndikuti yambani mwatembenuza tizomangira tija ta m'mbali mwa pickup. Ikayandikira kwambiri nsambo, maginito amazikoka, mawu amafa msanga ndipo amamveka ngati gitala sinachunidwe bwino. Ikatalikira kwambiri, mawu amafooka. Yanga itafika, pickup ya kukhosi inkaphimba zinzake, ndipo nditaitsitsa pang'ono chabe, zonse zitatu zinayamba kumvana. Ndinagulanso chingwe chabwino chachifupi m'malo mwa chachitali chakale chija chimene chinali chomatamata ndi tepi.

Lamlungu lapitali magetsi anazima tili pakati pa nyimbo yachiwiri, ndipo anyamata anathamangira kukayatsa jenereta monga mwa nthawi zonse. Titayambiranso, ndinasiya switchi pa malo ophatikiza aja, ndipo pamene abusa anati tiweramitse mitu, sindinakhudze volume. Ndinatseka maso n'kupemphera limodzi ndi anzanga mpaka ameni.