Zomba ndi Livingstone: kukaona malikulu akale thumba lili lopepuka

Zomba ndi Livingstone ndi mizinda yapachibale. Yonse ili kummwera kwa mayiko awo, ndipo yonse inali malikulu a boma mpaka ulemuwo utapita kwina: Livingstone anausiyira Lusaka mu 1935, Zomba anausiyira Lilongwe mu 1975. Koma mmene Azambia ndi ife timalandirira mlendo wa ndalama zochepa m'mizinda imeneyi n'zosiyana kwambiri.

Anzathu aku Zambia mbiri yawo anaisonkhanitsa pamodzi. Livingstone Museum, yomwe inayamba mu 1934, ili pakati pa tauni penipeni, pamsewu wa Mosi-oa-Tunya, ndipo mumafikapo wapansi. Muli makalata ndi katundu wa David Livingstone, zida za makolo, ndi nkhani ya ufulu wa dzikolo. Palinso malo osungirako sitima zakale zoyendera malasha. Chilichonse chili ndi geti ndi mtengo wake wolembedwa, ndipo mtengowo ndi wapawiri: wotsika kwa nzika, wokwera kwa obwera. Mmalawi, ngakhale alankhule Chinyanja chomveka bwino pamsika wa Maramba, pageti la mathithi a Victoria Falls ndi mlendo basi. Ndalama ya getilo muziipatuliratu musanachoke kwanu.

Zina zonse zimatheka kuchepetsa. Mmalawi safunika viza kulowa mu Zambia, pasipoti ndi yokwanira pa Mchinji. Kuchoka ku Lusaka kwerani basi pa Intercity. Mukafika, musahaye galimoto yanuyanu yopita ku mathithi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10. Pali matakisi okwera anthu angapo. Nsima ndi nsomba idyani kumsika, osati kumahotela a m'mbali mwa Zambezi komwe mitengo ndi ya madola. Mlatho wa mu 1905 wa pa Zambezi, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe pafupi ndi mathithiwo, mutha kuyendapo mutatenga chiphaso cha pamlatho kwa a zolowa ndi kutuluka. Nyengo muyiganizirenso: cha mu Epulo madzi amakhala ochuluka moti mumanyowa thupi lonse, pomwe mu Okutobala mbali ya Zambia imatsala miyala yokhayokha malo ambiri.

Ku Zomba n'kwina. Minibasi kuchoka ku Limbe, kabaza m'tauni, kenako miyendo yanu. Chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) pafupi ndi Cobbe Barracks mumachiona osalipira. Mukakwera chitunda mumapeza nyumba yakale ya malamulo, munda wa mitengo ndi maluwa, ndi hotela ya Masongola, yomwe inamangidwa m'ma 1880 ngati nyumba ya nthumwi ya Britain. Pamwamba pa phiri pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, komanso Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, atabwera mu 1965. M'njira yokwera anyamata amakuimitsani ndi timbale ta masitoloberi ofiira psuu, ena akutsika ndi njinga zosenza nkhuni zotalika kuposa mwini wake, mabuleki akulira. Tsiku lonse lingathe mutangowononga ya thiransipoti, ya woperekeza ndi ya chakudya.

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Zomba ndi wotchipa, inde, koma mbali ina n'chifukwa choti mbiri yake tangoisiya panja. Nyumba zambiri zakale zilibe ngakhale chikwangwani chonena kuti inamangidwa liti, munkachitika chiyani. Mwana wasukulu wa ku Livingstone amalowa m'nyumba imodzi n'kutuluka akudziwa za mzinda wake. Wa ku Zomba amadutsa tsiku ndi tsiku pakhomo pomwe aphungu ankakambirana za dziko lino, popanda womuuza.

Ngati ndalama zili zochepa zedi, yambani ndi Zomba, ndipo woperekeza wa pa phiri musamunyinyirike pamtengo, chifukwa nkhani zomwe zikanalembedwa pamakoma amazisunga ndi iyeyo. Livingstone musungireni ndalama pang'onopang'ono, mudzapite madzi ali odzaza.